Kuvulala ubongo: zimene mapepala amanena ndi zimene ndinaona m'nyumba mwanga

Ngozi ya bambo akunyumba kwathu inachitika Loweruka masana mu Ogasiti 2022, pa msewu wa M3 mukangopitirira pa Chinamwali kulowera ku Songani. Anakwera kabaza wa njinga yamoto kupita ku Domasi kukaona mayi awo, jumbo ya shuga ndi sopo ili pamiyendo. Minibasi ina yomwe inkalimbirana anthu ndi inzake inawagunda chakumbuyo. Chisoti chinali chimodzi, ndipo anavala ndi wakabazayo. Iwo anagwa chagada n'kumenyetsa nkhongo pa phula.

Uthenga unandipeza ndikuchapa kwathu ku Matawale. Nditafika kuchipatala ndinawapeza maso ali chitsegulire, akufunsa kuti, "Shuga uja ali kuti?" Ndinawayankha kuti ali nane. Sipanathe mphindi ziwiri anafunsanso, ndipo anafunsa choncho mpaka mdima. Kunja kunalibe bala loopsa, kachilonda kokha kunkhongo komwe anasoka. Mwendo sunathyoke, mkono sunathyoke. Achibale onse tinapumira m'mwamba, tikuti Mulungu ngwamkulu, munthu wapulumuka. Anagona m'chipatala masiku anayi n'kutulutsidwa.

Chimene chandilembetsa ndi zaka ziwiri zotsatirazo. Ndinaphunzira movutikira kuti mawu akuti kuvulala ubongo tanthauzo lake si limodzi. Adokotala ali ndi lawo, kampani ya inshuwalansi ili ndi lake, khothi nalonso limayang'ana mwina. Ndipo onsewa sakhala nanu m'nyumba. Amawerenga zomwe zinalembedwa.

M'kabuku ka kuchipatala, patsamba la tsiku la ngoziyo, munalembedwa kuti GCS 13/15, ndipo pansi pake mawu achingerezi akuti mild head injury, kutanthauza kuvulala mutu pang'ono. Nthawi imeneyo sindinalabadire. Ndinadzamvetsa pambuyo pake kuti GCS ndi muyeso womwe madokotala awiri a ku Glasgow, Graham Teasdale ndi Bryan Jennett, anakhazikitsa mu 1974. Amaona zinthu zitatu: ngati wodwala akutsegula maso, mmene akuyankhulira, ndi mmene akusunthira ziwalo akauzidwa kapena akatsinidwa. Maso ali ndi mamalikisi 4, kuyankhula 5, kusuntha 6. Munthu wabwinobwino amapeza 15, wokomokeratu amapeza 3. Kuyambira 13 mpaka 15 amati kuvulala kochepa, 9 mpaka 12 kwapakatikati, 8 kutsika m'munsi ndiye koopsa. Muyeso umenewu ndi wothandiza kwambiri pa ola la ngozi, chifukwa umauza adokotala yemwe ayenera kuthamanga naye. Koma sunena mmene munthuyo adzakhalire pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Mawu akuti "kochepa" akunena za ola lomwe anamuyezalo basi. Ife tinawamva ngati akunena za moyo wonse, ndipo kenako anthu ena anawagwiritsa ntchito motero pofuna kutichepetsera chipukutamisozi.

Kunyumba ndi komwe ndinayamba kuona kuti ndabwera ndi munthu wina. Bambowa ankagwira ntchito yosunga katundu ndi mabuku ake pa kampani ina m'tauni muno, munthu woti manambala ankawawerengera m'mutu pomwe ena akusakasaka kakyuleta. Tsiku lina ndinawatuma pa msika wa Mpondabwino kukagula tomato, anyezi ndi usipa. Anabwera patatha maola awiri atanyamula tomato yekha, chenji osadziwa komwe chapita, n'kukhala pakhonde misozi ili chuchuchu. Tsiku linanso ndinasiya nyemba pa mbaula ndikupita kukatunga madzi, iwo atakhala pafupi penipeni. Ndinabwerako utsi uli tolotolo, poto atada bii, iwo ali phee. Sanamve fungo ngakhale pang'ono. Adokotala anadzatifotokozera kuti timitsempha ta fungo timadutsa m'tizibowo ta fupa la pamwamba pa mphuno, ndipo ubongo ukagwedezeka mwamphamvu timatha kuduka. Mpaka lero nsima amadya chifukwa cha njala, kukoma kwa ndiwo sakumva bwino.

Chomwe chinandipweteka koposa ndi mkwiyo. Munthu woti zaka khumi ndi zinayi za banja sanakwezepo mawu pa ana, anayamba kukalipa mwana akangogwetsa supuni. Wailesi ikalira, mutu. Kutchalitchi kwaya ikayamba, amatuluka panja. Mwana wathu wamng'ono anandifunsa usiku wina kuti, "Amama, adadi akwiya nafe chifukwa chiyani?" Ndinasowa chomuyankha.

Ubongo ndi wofewa, ndipo umakhala m'madzi mkati mwa chigaza. Mutu ukamenyetseka kumbuyo, ubongo umawombanso kutsogolo, komwe kuli mbali yoyendetsa kuganiza mwadongosolo, kudziletsa ndi khalidwe. Timinyewa tating'onoting'ono tolumikiza mbali zosiyanasiyana za ubongo timakokeka kapena kuduka, ndipo nthawi zambiri zimenezi sizioneka pa sikani ya CT. Ya bambowa, yomwe tinakajambulitsa ku Blantyre, inatuluka yopanda magazi oundana, fupa lili bwino. Tinasangalala nayo, ndipo m'pake. Koma sikani yoyera sikutanthauza kuti ubongo sunavulale.

Ku Zomba kuno mukudziwa mmene anthu amayankhulira. Munthu akangosintha khalidwe, mawu oyamba ndi akuti "mupite naye ku Mental", achiwiri ndi akuti "am'chita chipongwe akuntchito". Apongozi anga ankafuna tipite kwa asing'anga ku Jali. Sindinawanyoze, mwana ndi wawo ndipo mtima unkawawawa ngati ine. Ndinangowapempha kuti, "Amayi, tiyeni tiyambe tamaliza za kuchipatalazi."

Patatha milungu isanu kunabwera mnyamata wovala bwino, mmodzi wa madobadoba oyendayenda m'mawodi ndi m'makomo mwa anthu ochita ngozi. Nambala yathu anaipeza bwanji, kaya. Anati akhoza kutithamangitsira ndalama za inshuwalansi ya minibasi ija pasanathe mwezi, bola bambo asayine pepala limodzi. Ndalama anatchulazo zinali zokwana lendi ya miyezi ingapo ndi fizi ya teremu imodzi, ndipo nthawi imeneyo m'nyumba munali mutauma. Alamu anga, akulu awo a bambowa, anali pomwepo. Anati, "Mlamu, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Landirani izi, munthuyu si uyu akuyendayu?"

Cholembera chinali kale m'manja mwa bambo. Chinandigwira mtima ndi chakuti anayang'ana pepalalo nthawi yaitali n'kundifunsa kuti, "Kodi ndimasayina bwanji paja?" Ndinalanda pepalalo n'kunena kuti tiliwerenge kaye mawa. Usiku ndinaliwerenga ndi tochi ya foni. Linkanena kuti ndalamazo ndi malipiro onse ndiponso omaliza pa kuvulala kulikonse kochokera pa ngoziyo, kodziwika ndi kosadziwika, kwa lero ndi kwa m'tsogolo. Kuvulala komwe kunatchulidwa kunali chilonda cha kunkhongo ndi mikwingwirima. Mawu akuti ubongo munalibemo. Tikanasayina, khomo likanatsekeka, ndipo khunyu lomwe linadzawagwira mwezi wachisanu ndi chiwiri likanatipeza tilibe kolowera. Alamu anandikwiyira mwezi wathunthu. Ndinapirira.

Pepala lachiwiri linali la kuntchito kwawo. Poyamba ndinapita ku ofesi ya zantchito kukafunsa za chipukutamisozi cha ogwira ntchito, ndipo anandifotokozera bwino kuti lamulo la Workers' Compensation Act limakhudza ngozi yochitika chifukwa cha ntchito komanso munthu ali pa ntchitoyo. Yathu inachitika Loweruka pa ulendo wa kumudzi, choncho njira imeneyo inatsekeka. Koma kampani yawo inali ndi inshuwalansi ya gulu ya antchito onse, ndipo pa mndandanda wa matenda akuluakulu olipiridwa panali kuvulala kwa mutu. Mtima unakhala pansi. Ndinadzaza mafomu, n'kuphatikiza kabuku ka kuchipatala ndi lipoti la apolisi.

Yankho linabwera la mizere inayi: pempho lakanidwa chifukwa kuvulalaku sikukukwaniritsa tanthauzo la m'pangano. Tanthauzo lake liti? Chomwe antchito anapatsidwa chinali kapepala ka tsamba limodzi kotchula mayina a matenda okha. Pangano lenileni, la masamba oposa makumi atatu, linali mu kabati ya abwana oona za antchito. Ndinayenda maulendo atatu kuti andipatse kope, ndipo ulendo wachitatuwo ndinapita ndi kalata yolemba, n'kupempha kuti adinde chidindo pa kope yanga kusonyeza kuti alandira. Mawa lake pangano linapezeka.

Apa ndikufuna ndifatse, chifukwa ndi pomwe ambiri timagwera. Chakumapeto kwa pangano lililonse la inshuwalansi, kapena koyambirira kwenikweni, kumakhala gawo la matanthauzo a mawu. Gawo limenelo ndi lomwe limalamula, osati dzina la nthenda lomwe lili pa kapepala kotsatsira malonda. M'pangano lathu, kuti kuvulala mutu kulipiridwe pankafunika zinthu zingapo pamodzi. Kuvulalako kuchokere ku mphamvu ya kunja mwangozi, monga kugundidwa kapena kugwa. Izi zikutanthauza kuti sitiroko, chotupa cha mu ubongo kapena vuto lobadwa nalo siziwerengedwa pa mutu umenewu, ngakhale munthu atalumala mofanana. Pakhale umboni wa sikani. Dokotala wa ukatswiri wa ubongo ndi mitsempha atsimikize kuti kuwonongekako ndi kwamuyaya, ndipo atsimikize patapita nthawi yomwe pangano latchula, osati msangamsanga. Ndiye panali chachinayi, chomwe chinatigwetsa: munthuyo akhale woti sangathe payekha zinthu zitatu mwa zisanu ndi chimodzi za tsiku ndi tsiku, zomwe ndi kusamba, kuvala, kudya, kupita kuchimbudzi, kuyenda m'nyumba, ndi kudzuka pabedi kukakhala pampando.

Bambowa zonse zisanu ndi chimodzi amatha. Amasamba okha, amavala okha, amayenda mpaka ku Chikanda wapansi. Chomwe sangathe ndi kusunga manambala atatu m'mutu, kugwira ntchito pamalo a phokoso, ndi kutsiriza chinthu chomwe ayamba popanda wowakumbutsa. Mndandanda umenewo unapangidwa poganizira munthu wofa ziwalo, ndipo suona munthu yemwe thupi lili bwino koma kuganiza kwasokonekera. Ine ndimaona kuti kumeneko ndi kulakwa kwa mapangano otere, chifukwa munthu amalipira mwezi ndi mwezi akukhulupirira kuti mutu wake watetezedwa, pomwe chotetezedwa ndi kagawo kochepa ka mavuto a mutu. Komabe mwa mawu a pepalalo, kukana kwawo kunali ndi poimira, ndipo loya yemwe tinakamuona anandiuza mosabisa kuti pamenepo tisatayepo nthawi.

Munalinso chiganizo china chomwe chinandiopsa: zizindikiro zochokera ku matenda a maganizo sizilipiridwa. Bambowa anali atayamba kale kuonana ndi achipatala cha maganizo chifukwa cha kusowa tulo ndi kukhumudwa, ndipo thandizo limenelo linawapindulira kwambiri, moti sindingauze munthu kuti alipewe poopa inshuwalansi. Chofunika ndi kupempha adokotala kuti alembe mbiri yonse: kuti munthuyu analibe vutoli kale, kuti linayamba pambuyo pa kumenyetsa mutu pa tsiku lakutilakuti. Akangolemba kuti "kukhumudwa" pokhapokha, wowerenga ku ofesi amaika nkhani yonse m'thumba la matenda a maganizo n'kutseka fayilo.

Zinthu zinatembenuka titakumana ndi dokotala wina ku Blantyre, khunyu lija litawagwira. Anafunsa funso lomwe panalibe anafunsapo: "Bambo, chinthu choyamba chomwe mukukumbukira bwinobwino pambuyo pa ngozi ndi chiyani?" Iwo anaganiza n'kunena kuti akukumbukira phala la m'mawa ndi wodwala wa bedi loyandikana akupemphera. Limenelo linali Lolemba. Loweruka madzulo ndi Lamulungu lonse mulibe m'mutu mwawo, ngakhale ankayankhula ndi kudya. Adokotala anatembenukira kwa ine. "Mayi, muli ndi chilichonse chosonyeza mmene analili Lamulungu?"

Ndinali nacho osadziwa. Pa WhatsApp panali mauthenga a mawu omwe ndinkatumizira mchemwali wanga ku Lilongwe ndili pa ugadiyani. Wa Lamulungu 8 koloko usiku ndinkanena kuti, "Mpaka pano sakudziwa kuti ali kuchipatala, akuti tikatseke mbuzi." Mbuzi tinasiya kuweta kalekale. Adokotala anafotokoza kuti kukula kwa kuvulala ubongo sikuyezedwa ndi GCS yokha. Amaonanso kutalika kwa nthawi yomwe munthu anakomoka, ndi kutalika kwa nthawi yomwe ubongo sunkasunga zatsopano. Kuti kuvulala kutchedwe kochepa, kukomoka kusapitirire mphindi 30 ndipo kusokonezeka kwa chikumbumtima cha zochitika kusapitirire maola 24. Kwa bambowa kunapitirira tsiku ndi theka, zomwe zimaika kuvulalako pa mlingo wapakatikati. Za kukomoka, m'kabuku munalibe chilichonse, poti anafika kuchipatala atatsitsimuka ndipo ine sindinadziwe kuti ndi zofunika kunena. Ndinabwerera pamalo a ngozi paja n'kupeza mayi wina wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu yemwe anawathira madzi kumaso. Anakumbukira bwino kuti anagona osagwedezeka mpaka galimoto yowanyamula itapezeka, ndipo anavomera kupereka umboni. Mayi ameneyo sindidzamuiwala.

Kuyambira tsiku limenelo ndinagula kope la ana asukulu n'kumalemba. Deti, chomwe chachitika, amene anaona. "Pa 3, aiwala kuti adya kale." "Pa 9, agwa khunyu mphindi ziwiri, aluma lilime, anaona ndi aneba." Malisiti a mankhwala, a sikani, ngakhale matikiti a basi ya ku Blantyre, ndinkamata kumapeto kwa kopelo. Akuntchito nawo ndinawapempha kalata yofotokoza mmene ankagwirira ntchito kale ndi zolakwika zomwe zinayamba atabwerera, mpaka kuwapumitsa pa zifukwa za umoyo. Lipoti lachiwiri la adokotala linalembedwa kope limeneli lili patebulo, ndipo linasiyana kutalitali ndi fomu yoyamba ya adokotala yomwe inangotchula chilonda chosokedwa.

Lipoti limenelo linatsegula makomo awiri. Loyamba linali m'pangano lomwe lija la kuntchito. Loya ataliwerenga lonse anapeza mutu wina, wa kulumala kolepheretsa munthu kugwira ntchito yake kapena ina yogwirizana ndi maphunziro ndi luso lake. Pamenepo funso silinali loti amasamba yekha kapena ayi, koma loti angasungenso mabuku a katundu. Yankho linali loonekeratu. Ine ndinali nditathera miyezi ndikugogoda pa mutu wa kuvulala ubongo chifukwa ndi dzina lomwe linkafanana ndi vuto lathu, pomwe khomo lotseguka linali masamba asanu kutsogolo. Ngongole yomwe anatenga ku banki nayonso inali ndi inshuwalansi yake yomwe ankadula pamodzi ndi ngongoleyo, ndipo tanthauzo la kulumala mmenemo linali losiyananso pang'ono. Aliyense amene ali ndi ngongole ya pa malipiro afunse za zimenezi, ambiri sadziwa n'komwe kuti akulipira.

Khomo lachiwiri linali la minibasi. Lamulo la Road Traffic Act limakakamiza galimoto iliyonse yoyenda pamsewu kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena, ndipo wovulala akhoza kusumira mwini galimoto, dalaivala ndi kampani ya inshuwalansiyo. Kukhothi nkhani imayenda mosiyana ndi m'pangano. Safunsa ngati kuvulala kwanu kukulowa m'tanthauzo lolembedwa kale. Amafunsa ngati dalaivala anasasamala, ngati kusasamalako ndiko kunabweretsa vutoli, ndi chomwe mwataya: ululu ndi kuzunzika, zokoma za moyo zomwe simungazipezenso, zipsera, mphamvu yopezera ndalama, ndi ndalama zomwe mwawononga, zomwe zimafuna malisiti. Fungo la ndiwo lomwe bambowa sakulimvanso linawerengedwa kumeneko, pomwe m'pangano la kuntchito linalibe malo. Dziwaninso kuti kampani ya inshuwalansi imalipira mpaka pa malire omwe ali m'pangano lake ndi mwini galimoto, zotsalazo zimakhala pa mwini galimotoyo. Ndipo nthawi ili ndi malire: mlandu wa kuvulala kwa munthu uyenera kuyambika pasanathe zaka 3. Kudikira kuti muone mmene munthu akuchirira ndi kwanzeru, koma dikirani loya akudziwa, akuwerenga masiku.

Za kusavala chisoti a mbali ya minibasi anazidzutsa, ndipo zinatidyera gawo la ndalama pokambirana. Sindinatsutse, chinali choona.

Amene alibe ndalama ya loya asagwe mphwayi. Legal Aid Bureau ili ndi ofesi ku Zomba konkuno, ndipo High Court nayonso ili ndi nthambi yake mumzinda uno. Ngati mwapeza loya wanuwanu, pitani ku ofesi yake mukamuone maso ndi maso, mugwirizane za malipiro ake molemba, osadzera mwa munthu wapakati. Ngati kampani ya inshuwalansi ikukuzungulitsani kapena yakana popanda kufotokoza, pemphani chifukwa chake molemba ndi ndime ya pangano yomwe aimirapo, ndipo dandaulo likhoza kupita kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, yemwe amayang'anira makampani amenewa.

Kwa amene muli pa ugadiyani panopa, mapepala abwere pambuyo, choyamba ndi moyo. Munthu womenyetsa mutu akayamba kusanza mobwerezabwereza, mutu kumawawirawawira, kugona kosadzutsika, kutuluka madzi kapena magazi m'khutu ndi m'mphuno, kufooka mbali imodzi kapena kugwa khunyu, thamangani naye kuchipatala ngakhale anatulutsidwa dzulo. Kwa okalamba magazi amatha kuundana pang'onopang'ono n'kudzaonekera patapita milungu. Koma mukakhala pa benchi mukudikira, tulutsani foni mulembe ola lomwe ngozi inachitika, mphindi zomwe anakomoka, nambala ya amene anaona, ndi mafunso omwe akubwerezabwereza. Adokotala akamalemba m'kabuku, nenani zimenezo mokweza ndipo pemphani mwaulemu kuti zilowemo.

Nkhani ya minibasi inatha mu 2024 pogwirizana kunja kwa khothi, ndipo ulendo uno pepala lomwe tinasayina linatchula ubongo, khunyu ndi ntchito yomwe inatha. Ndinaliwerenga kawiri, loya n'kuwafotokozera bambo ndime ndi ndime m'Chichewa asanagwire cholembera. Ndalamazo tinamangira kaokala pakhomo. Amagulitsa okha m'mawa, nthawi yomwe mutu umakhala wopepuka, mitengo yonse italembedwa pa katoni kukhoma, ndipo chenji amawerengera pa foni. Mankhwala a khunyu amamwa 7 koloko m'mawa ndi 7 koloko madzulo, alamu aja ndi amene amawaimbira foni kuwakumbutsa ine ndikachokapo. Masana amagona. Kope lija ndikulembabe, tsopano ndili pa lachitatu, chifukwa mwezi wamawa tikubwereranso kwa adokotala ku Blantyre.